Kuchoka pa Tchizulo Kupita pa Grinder: Malangizo kwa Osema Miyala Pakhomo

Mukasema miyala ndi hamala ndi tchizulo kwa kanthawi, mumafika poona kuti nthawi yambiri ikuthera pa mwala umene sudzakhala mbali ya chosemacho. Mutu wa mvuu mwauona kale m'maganizo, mizere mwalemba kale ndi makala, koma pakati pa inu ndi mutuwo pali makilogalamu ambiri oti agumulidwe. Ntchito yeniyeni ya makina ndi imeneyi basi: kuchotsa msanga zimene mwatsimikiza kale kuti zichoke. Malangizo awa ndi a munthu wosemera kuseri kwa nyumba, amene manja ake anazolowera tchizulo, tupa ndi sandipepa, ndipo akufuna kugula chida chake choyamba cha magetsi.

Ngati simunasemepo ndi manja, musafulumire kugula makina. Osema a ku Tengenenge, mudzi umene unayamba mu 1966 pa famu ya fodya ya Tom Blomefield kufupi ndi Guruve ku Zimbabwe, anatchuka ndi ntchito ya hamala, tchizulo ndi tupa. Ambiri mwa oyambirirawo anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, monga Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia. Tchizulo imaphunzitsa kumva mwala: pofewa, pouma, pomwe pabisala mng'alu. Grinder imadula zonse mofanana, ndipo simva kanthu.

Choyamba, dziwani mwala wanu

Akatswiri amayeza kulimba kwa miyala pa sikelo ya Mohs, yoyambira pa 1 kulekeza pa 10, pomwe pali dayamondi. Kunyumba mungayese ndi chikhadabo ndi mpeni. Mwala umene chikhadabo chikuukanda, woterera m'manja, ndi soapstone, wonga umene amasema ku Tabaka m'dera la Kisii ku Kenya. Umenewu sufuna grinder konse. Sowo wamba ndi tupa zimaudya bwino, ndipo mukaupititsa pa makina mungodzaza pabwalo ndi fumbi pachabe. Mwala umene chikhadabo chikuulephera koma mpeni ukuukanda mosavuta uli m'gulu la marble, pa 3, kapena serpentine wofewa. Springstone, mwala wakuda wouma wa ku Zimbabwe uja, mpeni umavutika nawo. Granite, amene amapangira ziliza, ali pa 6 mpaka 7, ndipo tchizulo ya chitsulo wamba imabuntha musanafike patali. Kuyambira pa springstone kupita m'mwamba, makina amakupulumutsirani masiku ambiri.

Kenako gogodani mwalawo ndi hamala mbali zonse. Wabwino umalira mokweza, wong'aluka umalira mogonthera. Uthireni madzi n'kuusiya padzuwa: pamene paliponse pauma, mng'alu umatsala wakuda. Ulembeni ndi choko. Muzichita zimenezi mobwereza ntchito ili m'kati, chifukwa makutu akatsekedwa ndiponso makina akulira simudzamvanso mwala ukuchenjeza.

Chachiwiri, fumbi, musanagule china chilichonse

Pano ndichedwapo, pakuti n'pamene kusiyana kwa tchizulo ndi makina kumapha munthu. Tchizulo imabenthula zibenthu zimene zimagwa pansi. Grinder imapera mwala kukhala fumbi, ndipo lowopsa kwambiri ndi limene maso saliona, limene limayandama mumpweya nthawi yaitali makina atazima. Ngati mwalawo uli ndi silica, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga, fumbilo limakakhala m'mapapo n'kupanga zipsera zosapola. Matendawa ndi silicosis. Alibe mankhwala owachiza, amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB.

Si nkhani yachilendo kwathu. Ndi matenda omwe aja amene abambo ndi agogo ambiri anabwera nawo kuchokera ku migodi ya golide ku Joni, atapita kudzera ku Wenela ndi TEBA. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira anthu amene anadwala silicosis ndi TB m'migodi imeneyo, ndipo ndalamazo zikuyendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Osema miyala nawonso ali ndi mbiri yawo. Ku Barre, m'chigawo cha Vermont ku America, amisiri osema granite, ambiri ochokera ku Italy ndi ku Scotland, anayamba kugwiritsa ntchito matchizulo oyendera mpweya m'zaka za m'ma 1890. Ntchito inafulumira, fumbi linachuluka m'mashedi otsekedwa, ndipo amisiri anayamba kufa akadali ndi mphamvu zawo. Zinthu zinasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ataika makina okoka fumbi. Mwala unali womwewo. Chinasintha ndi chida.

Kuchuluka kwa silica kumasiyana. Mu sandstone muli magawo 70 mpaka 90 pa 100 aliwonse, mu granite 20 mpaka 45, pamene marble ndi limestone zili ndi pafupifupi 2. Serpentine ali ndi vuto lakelake: nthawi zina mumadutsa mitsempha ya asbestos, ulusi wa mumwala wowopsa m'mapapo, yemwe ankakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava ku Zimbabwe. Soapstone wina amakhalanso naye. Mukaona mzere woyera wa ulusiulusi umene ukunyotsoka mukaukanda ndi msomali, mwala umenewo usakhudze grinder. Utayeni kutali ndi ana.

Ndiye ndalama zoyamba zipite ku masiki. Yansalu ija ya nthawi ya Covid-19, kapena mpango womanga pamphuno, sizigwira fumbi limeneli. Funani masiki ya labala yophimba mphuno ndi pakamwa, yokhala ndi zosefera zolembedwa P3 kapena P100. Ikasowa, yotayika yolembedwa FFP3 ingathandize. FFP2 kapena N95 ikhale ya ntchito yaifupi pa marble. Mukavala, tsekani zoseferazo ndi zikhato n'kukoka mpweya. Masiki iyenera kumamatira kumaso. Ngati mpweya ukulowa m'mbali, mangitsani zingwe. A ndevu pepani, masiki simata pa ndevu, muyenera kumeta.

Onjezani magalasi otseka m'mbali momwe, zotseka m'makutu, nsapato zokwirira zala, ndi ovolosi ya ntchito yokhayokha. Phokoso limayamba kuwononga makutu pa madesibelo 85, ndipo grinder ikamadula mwala imafika cha pa 100. Malaya otaya manja, chitenje cholendewera kapena mkanda, zonsezi disiki imakoka.

Chachitatu, malo ndi magetsi

Semerani panja, pansi pa chisakasa chopanda zipupa. M'garaja kapena m'chipinda ayi, ngakhale mutatsegula mawindo. Imani moti mphepo izichokera kumbuyo kapena m'mbali mwanu, ndipo onani kumene ikupititsa fumbilo: kukhitchini, pa zovala zoyanika, pa ufa wa aneba uli pamphasa, kapena pomwe ana amasewera. Uzani aneba nthawi imene muzidula, ndipo musayambe mbandakucha kapena Lamulungu m'mawa. Mukaweruka wazani madzi pansi n'kuwola matopewo ndi fosholo. Kusesa pouma n'kuulutsanso fumbi lomwe lija. Ovolosi isalowe m'nyumba, ndipo ichapidwe payokha.

Mwala ukhazikike pa tebulo lolimba lofika cha m'chiuno, pa thumba la mchenga kapena pa tayala lakale. Mwala wogwedera umapana disiki. Musauponde ndi phazi kapena kuugwira ndi dzanja limodzi uku mukudula ndi linalo.

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndiye chida chochokera ku South Africa kapena ku Britain chimagwira bwino, kungoti cha ku South Africa chimabwera ndi pulagi ya mano obulungira. Sinthani pulagiyo bwinobwino. Kulowetsa mawaya osenda mu soketi n'kutsinira ndi machesi sikoyenera pa chida chogwira m'manja. Cha ku America, cha mavoti 120, chisiyeni. Waya wowonjezera akhale wokhuthala, ndipo muzimutambasula yense chifukwa wokulungidwa amatentha. Gulaninso kachipangizo kotchedwa RCD ka 30 mA, kolumikiza pakati pa soketi ndi chida, kamene kamadula magetsi akayamba kudutsa m'thupi la munthu.

Pali ngozi ina imene mabuku a kunja satchula kawirikawiri koma kwathu ndi ya tsiku ndi tsiku. Magetsi akazima muli pakati podula, munthu amangoika grinder pansi n'kupita kukamwa madzi, swichi ili yoyatsa. Akabwera magetsi, grinder imadzuka yokha n'kuyamba kudumpha pabwalo. Chizolowezi chikhale ichi: akangozima, zimitsani swichi, zulani pulagi. Wogwiritsa ntchito jenereta, ya 2 kVA imakwanira grinder yaing'ono.

Chachinayi, kugula

Gulani chida chimodzi: grinder ya disiki ya mamilimita 115 kapena 125, ya mawati 700 mpaka 1,000. Yaikulu ya mamilimita 230 imadula mozama, koma ndi yolemera ndipo ikakankha imagwetsa munthu, idikire kaye. Ngati thumba likulola, sankhani yosintha liwiro, chifukwa idzakuthandizaninso posalaza. Yokhala ndi swichi yofinya, imene imazima mukangotaya dzanja, ndi yabwino koposa. Dzina la kampani, kaya Makita, Bosch kapena Ingco, lisakutengeni mtima kwambiri, popeza zachinyengo zolembedwa mayina otchuka zilipo m'misika. Funsani ngati mabulashi a kaboni, timakala ta m'kati mwa mota, a grinder imeneyo amapezeka, ndipo mugule awiri apadera tsiku lomwelo. Fumbi la mwala limadya mabulashi ndi mabering'i msanga kuposa ntchito ya kuwotcherera.

Madisiki akuda odulira zitsulo si a mwala. Mufunika disiki ya dayamondi. Ya mano otalikirana imadula msanga koma imabenthula m'mphepete. Ya mkombero wosadukiza imadula mosalala koma imafuna madzi. Yolembedwa turbo ili pakatikati, ndipo ndi imene ndingakulangizeni kuyamba nayo. Chachiwiri ndi cup wheel ya dayamondi, yokhuthala, yoperera. Pa disiki iliyonse pamalembedwa liwiro lake lomaliza: ya 115 nthawi zambiri kuzungulira maulendo 13,300 pa mphindi, ya 125 cha pa 12,200, pamene grinder yaing'ono imazungulira cha pa 11,000. Ya 230 imalekeza cha pa 6,600. N'chifukwa chake kuchotsa chotchinga kuti disiki yaikulu ikwane pa grinder yaing'ono n'kuika moyo pachiswe. Chimodzimodzi kuikapo sowo wozungulira wa matabwa. Chotchinga ndi chogwirira cha m'mbali zisachoke.

Pomanga disiki, pulagi ikhale yozula. Muvi wa pa disiki uloze kumodzi ndi muvi wa pa mutu wa grinder. Mukamanga, iyatseni kwa theka la mphindi isanakhudze kanthu, itayang'ana kumbali. Ikamanjenjemera zimitsani, sinakhale bwino kapena ndi yopindika.

Chachisanu, kudula koyamba

Musayambire pa chosema chimene mwachivutikira. Tengani chibenthu chachikulu cha mwala womwewo, muthere tsiku mukungodula mizere.

Gwirani ndi manja awiri, miyendo yotalikirana, thupi lili pambali pang'ono pa mzere wa disiki, kuti ikasweka kapena kukankha isakupezeni kumaso. Dikirani ifike pa liwiro lonse musanaikhudzitse. Musakanikize, kulemera kwa grinder ndi kukankha pang'ono n'kokwanira. Mukamva kulira kwa mota kukutsika, mwapanikiza. Dulani mamilimita 5 mpaka 10 ulendo umodzi, bwererani, dulaninso mumzere womwewo. Disiki ya 115 imalowa mamilimita 25 kapena 30 basi. Ikakhala m'kati mwa mzere musaipotoze kuti mukhote, ndipo musabenthulire mwala nayo. Kupotoza n'kumene kumathyola mano a dayamondi ndi kuchititsa grinder kubwerera mwamphamvu kwa mwini wake. Pakapita masekondi 20 kapena 30, itulutseni izungulire mumpweya kuti izizire.

Tsono njira yochotsera mwala wambiri ndi iyi, ndipo hamala ndi tchizulo zikadali pa ntchito. Lembani mzere wa chosema chanu. Lembaninso wina kunja kwake, motalikira sentimita imodzi. Umenewu ndiye malire a makina. Pa mwala woti uchoke dulani mizere yoyandikana, yotalikirana mamilimita 15 mpaka 20, mpaka pakhale ngati mano a chipeso. Zimitsani grinder, dikirani disiki iime, kenako muiike pansi. Ikani tchizulo patsinde pa dzino lililonse n'kumenya cham'mbali, kulozetsa kunja kwa chosemacho. Manowo amathyoka mosavuta. Pa granite ndi springstone dulaninso mizere yopingasa kuti pakhale timabokosi, pakuti mano aatali a mwala wouma amakana. Mukathyola onse, lembaninso mizere yanu, chifukwa yakale yapita ndi mwala, ndiye mudule gawo lina. Muzizungulira chosema chonse m'malo momaliza mbali imodzi.

Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: mwala wambiri ukuchoka ngati zibenthu, ndiye fumbi likuchepa kuyerekeza ndi kupera wonse ndi cup wheel.

Samalani ndi kuzama. Disiki ndi yozungulira, choncho pakati pa mzere pamazama kuposa kumapeto, ndipo maso amangoona kumapetoko. Mzere umodzi wolowa mamilimita atatu kupitirira malire umakukakamizani kutsitsa mbali yonseyo, mwina tsaya lonse la nkhope, kuti uchoke. Anthu ena amalemba mkombero pa disiki ndi cholembera chosafufutika posonyeza polekezera. Ikamazungulira mzerewo umaoneka bwino. Malo owonda monga khosi la mbalame, khutu kapena mwendo, asiyeni onenepa mpaka kumapeto.

Disiki ikayamba kuthetheka moto, kutentha, osadula, nthawi zambiri sikuti yatha. Chitsulo chaphimba timiyala ta dayamondi. Idulitseni kangapo mu njerwa ya simenti kapena mu sandstone, ndipo idzayambanso kuluma.

Nanga madzi? Amachepetsa fumbi kwambiri ndi kuziziritsa disiki, koma grinder wamba sinapangidwire madzi. Ngati mulibe RCD, dulani pouma, panja, mutavala masiki ya P3. Ngati muli nayo, wina wovalanso masiki ndi magalasi angadonthezere madzi pang'onopang'ono mumzere kuchokera m'botolo lobowola pachitsekerero, kutali ndi mota, polumikizira mawaya patakwezedwa pamalo ouma. Wofuna kudula granite kawirikawiri asunge ndalama agule makina opangidwira madzi, okhala ndi kapaipi ndi chodulira magetsi pa waya wake.

Chachisanu ndi chimodzi, kuumba maonekedwe ndi kubwerera ku manja

Mabwinja a mano aja aperedwe ndi cup wheel. Igonekeni pang'ono, iziyenda osaima malo amodzi, apo ayi ikumba dzenje. Imadya msanga kuposa momwe mukuganizira, ndipo pano fumbi ndiye lochuluka kuposa pena paliponse. Lekezani patatsala mamilimita 3 mpaka 5.

Otsalawo ndi a tchizulo ya mano, tupa ndi hamala yokhomakhoma. Ena adzati n'kutaya nthawi. Koma chosema chomalizidwa ndi grinder chimadziwika patali: timalo tathyathyathya tolumikizana, timizere ta uta pomwe disiki inatsetsereka, ndi mapindikidwe onse ofanana ndi kukula kwa disiki. Mkombero wa mamilimita 115 ukayamba kulamulira mapewa ndi masaya a zosema zanu, zonse zimafanana, ndipo ogula amene amadziwa miyala amaziona. Komabe makina ali ndi pomwe amaposa manja. Tchizulo yosongoka ikamenyedwa choimirira imavulaza mwala m'kati, ndipo mabalawo amatuluka oyera mukamawalitsa, makamaka pa marble ndi pa miyala yakuda. Disiki sivulaza choncho. Pafupi ndi malo oti adzawale, kupera pang'ono kumaposa kumenya.

Zida zina, pambuyo pake

Die grinder, kachida kowongoka kokhala ndi timitu toperera ta mpini wa mamilimita 6, kamalowa m'makhwapa, pakati pa zala ndi m'mabowo. Timitu ta carbide ndi ta miyala yofewa, ta dayamondi ta youma. Kachida konga Dremel n'ka maso ndi zilembo, osati kochotsera mwala. Drill ya SDS, yoboola mogunda, imathandiza kugawa chimwala chachikulu: boolani mabowo mumzere motalikirana masentimita 10 mpaka 15, lowetsani mphero zachitsulo, n'kumazimenya mosinthanasinthana mpaka mwala utang'aluka. Poboola chosema chenicheni, zimitsani kugunda kwake.

Chida chimene wosema ndi manja amachikonda msanga ndi hamala ya mpweya, monga za Cuturi za ku Italy kapena za Trow & Holden za ku Barre komwe kuja. Tchizulo mumaigwira ndi dzanja monga kale, makina n'kumamenya mofulumira, ndiye mabala ake pa mwala amakhala a tchizulo ndithu. Vuto ndi mtengo. Imafuna compressor yopereka mpweya wa mabaa pafupifupi 6 mosadukiza, ndipo kakang'ono kopopera matayala sikangakwanitse. Compressor imakokanso magetsi ambiri poyamba kulira, choncho jenereta yaing'ono imagonja. Madzi a m'thanki atulutsidwe tsiku lililonse, ndipo hamalayo idonthezeredwe mafuta ochepa. Kunjenjemera kwa zida zonsezi kumawononga mitsempha ya m'zala. Zala zikachita dzanzi kapena kuyera, pumulani. Muzisinthanitsa ntchito ya makina ndi ya manja, ndipo m'mawa wozizira wa June ndi July yambani manja atafunda.

Kusalaza ndi kuwalitsa

Mapadi a dayamondi omata amabwera motsatana, kuyambira okhakhala mpaka osalala: 50, 100, 200, 400, 800, 1500, 3000. Amafuna liwiro lotsika, cha pa 2,000 mpaka 3,000 pa mphindi. Pa grinder ya liwiro limodzi la 11,000 amasungunuka kapena kuuluka. Ngati yanu sisintha liwiro, salazani ndi manja, ndi sandipepa ya m'madzi kuyambira 80 mpaka 1200; n'kochedwa koma kulibe fumbi, ndipo pa zosema za makwinya ambiri manja amafika pomwe padi singafike. Musadumphe nambala. Musanapite pa yotsatira, tsukani mwala, uume, muuyang'ane padzuwa. Mkwasa umene 100 yausiya, 800 singauchotse, imangouwalitsa. Marble ndi alabaster sizifuna kutentha: padi ikaima malo amodzi pamatsala banga loyera.

Pa serpentine ndi springstone, njira ya osema a ku Zimbabwe ikadali yabwino. Tenthetsani mwala pafupi ndi moto wa nkhuni kapena ndi chowotchera cha gasi, mozungulira ndi pang'onopang'ono kuti usang'aluke, pakani polishi wa pansi wopanda mtundu ndi bulashi pomwe mukufuna padere, ubwerezeni kawiri kapena katatu mwala ukadali wotentha, ndipo ukazizira pukutani ndi nsalu yofewa. Pomwe munasiya mabala a tchizulo musapake, patsale potuwa.

Mukaweruka, zulani pulagi, pukutani grinder ndi kuchotsa fumbi m'timawindo ta mota ndi bulashi, masiki mukadavala. Mukaona moto wambiri m'kati mwa mota kapena ikamadukiza polira, sinthani mabulashi onse awiri nthawi imodzi. Zosefera za masiki zisinthidwe kupuma kukayamba kulemera, ndipo masikiyo isungidwe m'chidebe chotseka, osaikoleka pamsomali pomwe mumadulira. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena mukayamba kubanika pokwera kamtunda komwe kale simunkakamva, pitani kuchipatala mukayezetse TB, ndipo adokotala muwauze kuti mumadula miyala, ya mtundu wanji, ndiponso kuyambira liti.